Nambala pa Thunthu

Bambo anga, a Felisberto, ankadana ndi mawu oti thundu.
"Ukamangoti thundu," ankatero,
"waitana msika wonse ndi dzina limodzi."
Uyu ndi sobreiro, wovula malaya opanda manyazi.
Uyu azinheira, masamba ake gwa ngati chikopa,
nthanga zake n'zotsekemera, kafunse nkhumba zakuda.
Uja wa kumapiri a kumpoto ndi waliuma,
masamba amauma m'chisanu koma kuthothoka ayi.

Mwezi wa Juni, dzuwa la ku Alentejo likuswa mtengo,
nkhwangwa yawo inkagogoda khungwa
kamodzi, go!
kenako ankatchera khutu.
Mtengo ukakana ankaupitirira.
Ukalola, khungwa linkalira ngati chitseko cha tchalitchi
n'kugwa lathunthu, losathyoka,
thunthu n'kutsala psuu, lonyowa, lozizira ukaligwira.
Ine kumbuyo ndi kachitini ka penti yoyera
kulembapo nambala ya chaka: 7.
Tionananso zikatha zaka zisanu ndi zinayi.

Ndinapita ku Évora, ku nazale ya khonsolo.
Kumeneko ndimalera jakaranda m'timatumba takuda,
maginoliya amene amanyansidwa ndi dothi lathu la laimu,
ndi olaya, wopupuluma uja,
amene maluwa amatumphuka pathunthu penipeni
masamba asanadzuke n'komwe.
Ndinaphunzira kumezanitsa, kumanga bala ndi tepi,
kunong'oneza nthambi kuti ivomere mayi wachilendo.
A Perpétua a pa famase amandidikira chaka chilichonse
kudandaula kuti jakaranda wamata galimoto yawo,
koma ndinawaonapo m'mawa wina, tsache lili m'manja,
ataima du pa msewu wobiriwira ngati thambo lagwa,
osasesa.

Bambo ankati ndi mitengo yaulesi.
"Imamwa madzi, imavala ngati ikupita ku ukwati,
mawa lake zinyalala. Inanenepetsapo nkhumba ya yani?"
Ine osayankha. Ndinkawasendera lalanje.

Chaka chimene mapapo awo anayamba kulira mluzu
ndinawatengera olaya mu mphika, ali maluwa okhaokha,
ndi kumuika pawindo.
Anamuyang'ana masiku atatu.
Lachinayi anati: "Bweretsa ndowa."
Anakhuthuliramo thumba la nthanga za sobreiro.
Zoyandama kutaya, muli mphutsi.
Zomira anandipatsa, manja akunjenjemera, madzi ali chuchuchu.
"Bzala zana. Mbewa idzatenga zake,
chilala chidzatenga zake, nkhosa nazonso sizigona.
Itatu ikaima, usadandaule.
Khungwa loyamba, ukadzakhala ndi imvi, n'lachabechabe.
Lachiwiri bolako.
Lachitatu ndiye lotsekera vinyo,
ndipo mpesa wa vinyo ameneyo sunabzalidwe."
Anatsokomola, n'kuloza pawindo ndi chibwano:
"Uyonso umuthirire. Akufota."

Kuseri kwa nazale, kumene paipi imadontha,
kuli mzere umene mulibe m'buku la khonsolo.
Abwana anga, a Amílcar, anaupeza tsiku lina.
"Iyi imachita maluwa anji?"
Ndinati timaluwa tachikasu, tolendewera ngati ulusi,
toti munthu wothamanga sangatione.
Anakanda m'mutu, nalemba m'buku mwawo: *zina ndi zina*.
Yatsala khumi ndi inayi. Wamtali wandifika m'chiuno.

Juni uno mitengo ya 7 ija yakwanitsa.
Ndinapita Loweruka, ndinaima patali.
Nkhwangwa ili ndi mnyamata wa ku Mora, Telmo,
amamenya kawiri pomwe bambo ankamenya kamodzi,
komabe amamvetsera, ndinamuona.
Khungwa linagwa ndi 7 wanga, wopindika,
wolembedwa ndi dzanja la mtsikana amene ankafulumira kukasamba.
Analikweza pa thirakitala pamodzi ndi ena.
Kamwana kena kanabwera ndi kachitini
n'kulemba 6 pathunthu lofiiralo,
penti n'kuyenderera pang'ono chakumunsi.
Ndinafuna kukauza kuti kachepetse pa bulashi.
Basi ya ku Évora inali itatsala mphindi khumi,
ndipo olaya wa pawindo uja
ndinali ndisanamuthirire.